Njira ya Kumbuyo ndi Njira ya Pakati

Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, ndipo kwa zaka zambiri malo awo m'tchalitchi anali pabenchi la kutsogolo, pamene anthu onse amawaona. Chaka chimene anayamba kuvutika pokodza anasamukira pabenchi la kukhomo. Anatiuza kuti akufuna kumayang'anira achinyamata amene amacheza nthawi ya ulaliki. Achinyamatawo anangoti zii ndi mantha, osadziwa kuti wowayang'anirayo maso ake ali pa kanjira ka kuchimbudzi. Ulaliki usanafike pakati bambo ankatuluka mwaulemu, Baibulo kukhwapa, n'kukakhalitsa kunjako, ndipo pobwera nkhope inkakhala ya munthu amene wapeza sitolo yotseka.

Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, chakumalire ndi Dowa, ndipo kumeneko matenda a m'munsi mwa lamba alibe dzina. Munthu wamkulu sakodza, amataya madzi. Akavutika ndi kutaya madziko timati msana wavuta, ndipo aliyense amavomereza kuti ndi msanadi. Amayi anapirira ndi msana umenewu kwa nthawi yaitali, mpaka tsiku lina anangowaikira bambo jekete pampando n'kuwauza kuti kuchipatala cha paboma kumatsegulidwa m'mawa. Kumeneko anawatenga magazi, anawapima, n'kunena kuti kachiwalo kena ka amuna kamene kamakhala m'munsi mwa chikhodzodzo, kotchedwa pulositeti, katupa mokayikitsa. Anawatumiza kuchipatala china cha ku Lilongwe.

Vuto loyamba linali la wowaperekeza. Ine ndine mphunzitsi, ndimaphunzitsa ana ziwalo za thupi pabolodi chaka ndi chaka, koma ndine mwana wamkazi, ndiye makutu anga sanayenere kumva nkhani zoterezi. Achimwene anga amayendetsa lole, ndipo sabata imeneyo ankatuta feteleza. Anatsala amuna anga, mkamwini wa pamudzi, kalaliki wa paofesi ina ya paboma, munthu wofatsa amene sanayang'anepo apongozi ake m'maso chikwatirireni. Tinagwirizana kuti iwowo ndiye oyenera chifukwa amamva Chingerezi cha madokotala. Anapita awiriwo, wina kutsogolo kwa minibasi, wina kumbuyo, kuti mawondo angakhudzane.

Ndifotokozeretu zimene adokotala ananena, ngakhale ine ndinazidziwa mochedwa. Kuti adziwe ngati kutupako ndi khansa, anafunika kutengako tinyama ting'onoting'ono ndi singano n'kukatipima. Singanoyo ingathe kulowera malo awiri. Ingalowere kotulukira chimbudzi n'kuboola kuchokera m'kati. Kachitidwe kameneka n'kofulumira ndipo ndi kamene ambiri anazolowera, koma poti singano yadutsa m'malo a chimbudzi, tizilombo titha kulowa m'thupi, munthu n'kudwala ndi kutentha thupi, n'chifukwa chake amapereka mankhwala pasadakhale. Ingalowerenso pakhungu la pakati pa ziwalo zachimuna ndi kotulukira chimbudzi. Kumeneku tizilombo sitivuta kwenikweni, ndipo singano imafika bwino mbali ya kutsogolo ya kachiwaloko, koma kumatenga nthawi yochulukirapo ndipo amayamba abaya jakisoni wochititsa dzanzi. Adokotala anati bambo asankhe okha, koma asachedwe.

Atabwerako, bambo anaitanitsa msonkhano pakhonde. Iwo sadziwa kukamba nkhani popanda msonkhano, ndipo ngakhale kugula mbuzi kwathu kumayamba ndi pemphero. Anakhala pampando wawo, achimwene pambali pawo, ine pamphasa, amayi chakukhomo atapotolokera kukhoma monga amachitira mkamwini akamalankhula. Amuna anga anakhala pakampando kakang'ono, chipewa chili m'manja, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunali mitambo.

Anayamba bwino. Anati adokotala akufuna kutengako kanyama kuti akaone ngati ndi khansa, ndipo anena kuti tisazengereze. Mawu akuti khansa anawatchula osagwedezeka. Atafika pa malo olowera singano ndi pamene lilime linaterereka. Anayang'ana msana wa apongozi awo aakazi, anayang'ana chipewa, n'kunena kuti pali njira ziwiri ndipo tiyenera kusankha imodzi.

"Ina ndi ya kumbuyo," anatero. "Ndi yachidule, ambiri amadzera komweko. Koma ili ndi zonyansa, munthu atha kubwerako thupi likutentha. Ndiye amakupatsiratu mankhwala."

Achimwene anagwedeza mutu ngati munthu amene nkhani yafika pakhomo pake. Anati imeneyo ndi ya ku Msakambewa yotulukira ku Dowa, akuidziwa bwino, matope okhaokha nyengo ino, ndipo galimoto ikatitimira mumagona pomwepo udzudzu ukukudyani, malungo osalephera. Anayamikira adokotalawo kuti akudziwa dziko.

Amuna anga anapitiriza ndi mawu otsika kuti inayo ndi ya pakati, yaukhondo, koma yotenga nthawi, ndipo munthu amachita dzanzi. Achimwene anati imeneyo ndi ya ku Mponela, ya phula, yozungulira, ndipo za dzanzi n'zoona chifukwa m'minibasi amakupanikizani ngati fodya m'belo, pofika ku Lumbadzi miyendo si yanunso. Amuna anga, poyesa kudzipulumutsa, anawonjezera kuti njira ya pakatiyo imafika bwino mbali ya kutsogolo. Achimwene anati eya, geti la kutsogolo kwa chipatala, pamene pamaima matakisi.

Ndinaona amuna anga akuyang'ana bambo, ngati mwana wa sukulu wodikira kuti aphunzitsi amukonze. Bambo anatsokomola, n'kunena kuti nkhani ya misewu ndi yaikulu, siyofunika kuithamangira, ndipo tiisiye kaye kuti aliyense akaiganizire. Tinatseka ndi pemphero.

Umo ndi mmene mudzi wathu unayambira kuyerekeza misewu. Ine ndinali m'gulu lomwelo, ndipo ndinali wa chipani cha Mponela. Mvula inali itakhazikika, ndipo msewu uliwonse unali ndi mlandu wake. Wa ku Msakambewa unali phala. Wa ku Mponela ndi wa phula, inde, koma kuti uupeze uyenera kufika kaye paboma, ndipo pakati pa ife ndi boma pali kamtsinje kamene kakadzaza kamakokolola ndi ng'ombe yomwe. Achimwene ankabwera ndi lipoti Loweruka lililonse, kuti pakuti pagumuka, pakuti lole ya soya yagona chammbali. Bambo ankamvetsera mwachidwi, n'kufunsa mafunso anzeru, n'kuimitsa nkhani mpaka sabata yamawa.

Akulu a mpingo anzawo atamva, anabwera kudzazonda wodwala, n'kulowa nawo m'nkhaniyo ndi miyendo yonse. Wina anati dokotala wosankhira anthu msewu ndi wa chikondi, madokotala a masiku ano amangolemba mankhwala osafunsa kuti wabwera bwanji. Wina anati iye anapitapo ku Lilongwe kudzera kumbuyoko ndipo sanadwale, kungofunika chikhulupiriro ndi nsapato zolimba. Amuna anga atamva zimenezi anatsamwa ndi tiyi, anthu n'kuwamenya pamsana. Mkulu wina amene mwana wake amagwira ntchito kunja anati kuli njira yachitatu, amayamba akujambula ndi makina aakulu kuti aone poyenera kulunjika. Iyeyu yekha ndiye anali pafupi ndi zoona, koma achimwene anamuuza kuti zimenezo n'za mafoni a anthu a m'tauni, woyendetsa galimoto weniweni msewu amausunga m'mutu.

Pamene ife tinkayeza matope, bambo ankatha. Thalauza linayamba kuwakulira. Ulendo wa kumunda, umene kale ankayenda osapuma, tsopano unali ndi masiteshoni, pachitsamba chilichonse ankatiuza kuti titsogole akuona ngati mbewa zalowa m'munda wa eni. Kenaka msana uja unayamba kuwawa zenizeni, osati msana wa mwaulemu uja, ndipo podzuka pampando ankagwira kaye khoma. Amayi anasiya kuimba akamasesa. Ndinayamba kuchita mantha, ndipo ine mantha anga amatuluka ngati ukali.

Chimene chinkandizunguza mutu chinali chimodzi. Ndapitapo kuchipatala kambirimbiri, pobereka, podwazika ana, ndipo palibe dokotala anandifunsapo msewu umene ndadzera. Loweruka lina masana ndinawapeza amuna anga akutsuka njinga yawo yamoto kuseri kwa nyumba, ndipo ndinawafunsa kuti dokotala ameneyu ndi wa matenda kapena wa misewu. Anati nkhani zina n'zovuta. Ndinawalanda chidebe. Ndinati sindibweza mpaka andiuze mawu enieni amene anatuluka m'kamwa mwa adokotala.

Anayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza zonse m'Chingerezi. Ndinadabwa kuona munthu amene analephera kutchula matako pamaso pa apongozi akufotokoza za singano ndi matumbo mosadodoma, ngati akuwerenga malamulo a ofesi. Chingerezi chilibe manyazi, mawu ake amatuluka atavala kale. Nditawauza kuti abwereze m'Chichewa, anayambanso kutuluka thukuta, chonsecho ndine mkazi wawo wa ana anayi.

Ndinakalipa. Ndinawafunsa chifukwa chimene analekera mudzi wonse kukangana za Msakambewa kuyambira mvula yoyamba mpaka chimanga kuchita ngaiyaye. Anati anayesa. Anati tsiku la msonkhano lija anayang'ana bambo kuti awathandize, koma bambo anavomereza za misewu, ndiye mkamwini ndani kuti atsutse apongozi ndi alamu ake pamodzi, n'kutchula za m'kabudula pamaso pa apongozi aakazi. Anati akanachita zimenezo akanafunika kumanga katundu tsiku lomwelo. Ndinawauza kuti manyazi anapha lambe, koma pano manyazi awo akupha munthu wina. Anangotola chidebe chija n'kupitiriza kutsuka tayala limene anali atatsuka kale.

Ndinaganiza zotuma achimwene, koma ndinadziwa kuti iwowo adzangoseka mpaka misozi, kenaka adzachita manyazi, kenaka adzapeza katundu wopita naye ku Kasakula. Ndinaganiza zouza amayi kuti akawauze bambo, koma amayi akhala m'banja zaka zonsezi osatchulapo chiwalo cha amuna awo chopitirira bondo. Aliyense amene ndinamuganizira anali ndi chifukwa chabwino chokhalira chete, ndipo zifukwa zonsezo zinali zaulemu.

Ndinawapeza bambo kuchigafa akusoka fodya, atakhala pachitsa, mwendo umodzi atautambasula chifukwa cha msana. Amayi anali pomwepo akuwapatsira masamba. Ndinagwada monga mwa masiku onse. Ndinati ndabwera ndi nkhani ya njira ziwiri zija, ndipo bambo anati nkhaniyo ili m'manja mwa achimwene, tidikire mvula ikate.

"Si misewu, bambo," ndinatero. "Adokotala amanena za polowera singano. Kaya kotulukira chimbudzi, kaya pakhungu la pakati pa machende ndi kotulukira chimbudziko. Musankhe pamenepo."

Amayi anagwetsa masamba. Anaika dzanja pakamwa, n'kunena motsitsa kuti ndatukwana bambo anga dzuwa likuswa mtengo, ine mphunzitsi, mayi wa chigwirizano. Anadzuka n'kupita kukaima kumapeto kwa chigafa, kuyang'ana phiri. Ine ndinapitiriza, poti mawu oopsawo anali atatuluka kale ndipo otsalawo anali opepuka. Ndinafotokoza za tizilombo, za mankhwala, za jakisoni wa dzanzi, zonse mmene amuna anga anandiuzira.

Bambo sanasiye kusoka. Anamaliza ndawala ya masamba imene inali m'manja, anaiika pambali, n'kundifunsa ngati ndamaliza. Ndinati ndamaliza.

"Adokotala aja ndi mwana wa ku Dowa, pafupi pompano," anatero. "Anandiuza zonsezi m'Chichewa, amuna ako asanalowe n'komwe. Chingerezi chija chinali chobwereza."

Ndinawafunsa chifukwa chake anatisiya tikuvutika ndi misewu, achimwene akutha mafuta kukayendera milatho, akulu a mpingo akupempherera matope. Anati poyamba zinangochitika zokha, achimwene atasokoneza, iwo anaona kuti bola anthu azikangana za Mponela kusiyana n'kuti mpingo wonse uzikambirana za m'thalauza mwawo. Ndinati zimenezo ndamva, koma mpingo sukanapita nawo m'chipinda cha adokotala. Anayang'ana singano yosokera fodya imene inali m'manja mwawo.

"Singano sindiiopa, mwanawe. Ilowere kulikonse. Koma akakatengako kanyamako, matendawa adzakhala ndi dzina. Panopa ndi msana chabe."

Ukali wonse umene ndinabwera nawo unathera pomwepo, ndipo ndinalira, chinthu chimene sindinakonzekere. Ndinawauza kuti matendawo dzina ali nalo kale, ife tokha ndiye sitikulidziwa, ndipo sakudikira mvula. Amayi, akadali chiyang'anire phiri, anati mwanayu watukwana koma wanena zoona, ndipo iwo atopa kuchapa zofunda akunamizira kuti denga likudontha. Aka kanali koyamba kuti amayi anene zoterezi pamaso pa munthu, ndipo bambo anawerama.

Kenaka anandifunsa kuti ine ndikanasankha iti. Ndinati ya pakhungu, chifukwa kwathu n'kutali, ndipo munthu akayamba kutentha thupi atabwerako kamtsinje katadzaza, tidzamunyamula pa chiyani. Anati nawonso ankaganiza chomwecho kuyambira tsiku loyamba. Sanaitanitse msonkhano. Achimwene tinangowauza kuti bambo asankha Mponela, ndipo anakondwa kwambiri, poti iwo anali atanena kale kuti phula ndi phula.

Tinanyamuka mvula ikugwabe. Pakamtsinje paja bambo anawoloka ataberekedwa ndi mkamwini wawo, anthu awiri amene sankafuna kukhudzana mawondo, ndipo onse anayang'ana kumbali ngati sizikuchitika. Kanyama anakatenga bwinobwino. Bambo anatuluka akuyenda motang'aza pang'ono, n'kunena kuti anazunzikapo kuposa apa pochotsa dzino. Thupi silinatenthe. Zonse zimene tinaziopa nyengo yathunthu zinatha tiyi amene ndinagula panja asanazizire.

Tsiku lokamva zotsatira tinapitanso atatu. Namwino ataitana, amuna anga anaimirira n'kukonza kolala, koma bambo anawauza kuti akhale pansi apume, agwira ntchito yokwanira. Anandikodola ine. Ndinalowa m'chipinda chimene mwana wamkazi salowa, n'kukhala pampando wa pambali pawo.

Adokotala anali munthu wachinyamata, wolankhula mosazungulira. Anati ndi khansa. Anati kuwawa kwa msanako sikukuwasangalatsa, ndipo pafunika kujambula mafupa kuti aone ngati matenda afikako, chifukwa ngati afika, chithandizo chake chidzakhala chongowachepetsa mphamvu, osati kuwachotsa. Bambo anamvetsera manja ali pamawondo, ngati akumva chigamulo cha bwalo la mpingo. Kenaka adokotala anawayang'ana n'kufunsa, mosakalipa, kuti anachedweranji chonchi, pamene anawauza kuti abwerere msanga.

Bambo anatembenukira kwa ine. M'moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akuyang'ana munthu mopempha, ndipo anali maso a munthu wokalamba amene wachita mantha.

"Ndi mvula, adokotala," ndinatero. "Misewu ya kwathu ndi yoipa."

Adokotala anagwedeza mutu, anati anthu a ku Ntchisi amavutikadi nyengo ino, n'kuyamba kufotokoza za tsiku lojambula mafupa. Bambo anasuntha dzanja lawo n'kugwira nsonga ya chitenje changa, ndipo sanaisiye mpaka adokotala anamaliza.